Vilhelm Bjerknes ndi Masamu a Mphepo

Kuyambira kale anthu a mitundu yonse anali ndi njira zao zodziwira kudza kwa mvula: ena poona mitambo, ena pomva kulira kwa mbalame, ena poyang'ana kumene mphepo icokera. Koma mmodzi wa oyamba kunenetsa kuti nyengo ya mawa ingathe kuwerengedwa ndi masamu, monga mwana wa sukulu apezera yankho pa sileti, anali Vilhelm Bjerknes wa ku Norway.

Iyeyu anabadwa m'caka ca 1862 m'mzinda wa Christiania, umene lero uchedwa Oslo. Pa unyamata wace sanalabadire za mvula konse. Atate ace, a Carl Anton Bjerknes, anali mphunzitsi wa masamu, ndipo anataya zaka zambiri pofufuza mayendedwe a madzi, poganiza kuti m'menemo adzapezamo cinsinsi ca mphamvu ya magetsi. Mwanayo anawathandiza mokhulupirika. M'caka ca 1890 anapita ku Bonn, m'dziko la Jeremani, kukagwira nchito ndi Heinrich Hertz, uja anaonetsa poyera mafunde a magetsi amene pambuyo pace anadzabala wailesi.

Komatu njira yace inakhota. Ali mphunzitsi ku Stockholm, m'zaka za 1897 ndi 1898, anapeza lamulo lonena kuti pamene mpweya wofunda ndi wopepuka ukhala moyandikana ndi wozizira ndi wolemera, mpweyawo uyamba kuyenda mozungulira. Aliyense wokhala m'mbali mwa nyanja acidziwa cimeneci ndi khungu lace: usana kamphepo kacokera pamadzi, usiku kacokera kumtunda. Bjerknes anacilemba m'masamu, naona kuti lamulo lomwelo ligwira pa mphepo za dziko lonse ndi pa madzi a m'nyanja zamcere.

Tsono m'caka ca 1904 analemba nkhani yaifupi imene inasintha zinthu. Anati kulosera nyengo kufuna zinthu ziwiri zokha: kudziwa bwino m'mene mlengalenga uliri tsopano, ndi kudziwa malamulo amene ausintha. Zoyenera kuyesedwa anaziwerenga zisanu ndi ziwiri, ndizo kutentha kwa mpweya, kukanikiza kwace, kulemera kwace, cinyontho cace, ndi liwiro la mphepo m'mbali zitatu. Maganizowa anali oona, koma masamu ace anali acuruka kopambana mphamvu ya munthu.

Cimene cinamturutsa m'mabuku ndico njala. Nkhondo Yaikulu Yoyamba inampeza ali ku Leipzig, kumene ophunzira ace anatengedwa kunka ku usilikali, ena osabwerakonso. M'caka ca 1917 anabwerera kwao, nakhala ku Bergen. Dziko la Norway silinalowe m'nkhondoyo, koma cakudya cinasowa, ndipo maiko omenyana anabisa mbiri zao za nyengo poopa kuthandiza adani. Alimi anafuna kudziwa tsiku lokolola, asodzi anafuna kucenjezedwa za namondwe. Bjerknes anapempha Boma ndalama, nacurukitsa malo oyeserapo nyengo, ndipo m'caka ca 1918 anayamba kulosera pamodzi ndi anyamata owerengeka, mmodzi wa iwo mwana wace Jacob.

Anyamatawo anagwirira nchito m'kacipinda ka pansi pa tsindwi la nyumba, namajambula mphepo pa mapu tsiku ndi tsiku. Pamenepo anaona kuti mvula ya kwao siigwa mwacisawawa, koma itsata mzere umene mpweya wozizira wa kumpoto ukomanirana ndi wofunda wa kumwera. Mzerewo anaucha "front", dzina la malo okomanirapo magulu a nkhondo, pakuti nkhondo inali ikali m'mitima ya anthu. Codabwitsa ncakuti dzina la Bergen linamveka ndi mapu amenewa, si ndi masamu aja a 1904 ai.

Masamuwo anayesedwa ndi Mngelezi, Lewis Fry Richardson, amene anafalitsa buku lace m'caka ca 1922. Anatha milungu isanu ndi umodzi powerengera nyengo ya maola asanu ndi limodzi okha, ndipo yankho linaturuka lolakwa. Iye mwini anati pangafunike anthu 64,000 owerengera kuti nyengo isawapitirire. Panapita zaka kufikira 1950, pamene makina ochedwa ENIAC, ku Amereka, anawerengera nyengo ya tsiku limodzi m'nthawi yonga tsiku limodzi lomwe. Pakati pa ocita nchitoyo panali Ragnar Fjørtoft, wa ku Norway yemwe. Bjerknes anamwalira caka cotsatira, 1951, ali ndi zaka 89.

Jacob anasamukira ku Los Angeles. M'caka ca 1969 anafotokoza m'mene kufunda kwa madzi a Pacific, kumene kuchedwa El Niño, kumangirirana ndi mphepo za pamwamba pa nyanjayo. Kufunda kumeneku ndiko akatswiri a nyengo amayang'anira pocenjeza za cilala kum'mwera kwa Afirika, conga cimene cinaumitsa cimanga m'minda m'zaka za 1992 ndi 2016.