Khosi Lopendekera la Botolo la Carrel

M'mawa umene ndinapeza maselo anga atafa, madzi omwe ndinkawalereramo, amene dzulo lake anali ofiira, anali atasanduka achikasu ndi a mbuu. Ntchito ya milungu itatu inathera pomwepo. Amayi amene ankandiphunzitsa ntchito mu labotale sanakalipe. Anangondifunsa kuti, "Kodi botolo lili chitsekukire munkayankhula?" Ndinkayankhuladi.

Vuto limeneli, la tizilombo tolowa m'botolo, linabadwa tsiku limodzi ndi ntchito yolera maselo. Mu 1907, Ross Harrison, ali pa Johns Hopkins ku Baltimore, anaika kachidutswa ka mluza wa chule m'kadontho ka madzi a m'thupi la chule, ndipo anaona minyewa ikumera kunja kwa thupi. Koma chakudya chimene selo limakonda, mabakiteriya amachikondanso, ndipo amaswana msanga: ena amagawikana pa mphindi 20 zilizonse, pamene selo la nyama limatha pafupifupi tsiku lathunthu. Harrison anayamba kuwamba magalasi ndi singano pamoto, n'kumawiritsa nsalu zake. Atatero, maselo anakhala moyo milungu ingapo.

Amene ndimamuganizira kwambiri ndi Alexis Carrel, dokotala wa opaleshoni wochokera ku France, yemwe ankagwira ntchito ku Rockefeller Institute mumzinda wa New York. Mu January 1912 anayamba kulera kachidutswa ka mtima wa mluza wa nkhuku, ndipo mabotolo ake anasamalidwa mpaka 1946, mwiniwake atamwalira kale. Panalibe mankhwala otetezera maselowo. Antchito ake ankavala mikanjo yakuda ndi zophimba kumutu, moti ena ankaona ngati ndi mwambo wongoopsezera anthu. Pambuyo pake akatswiri anakayikira zoti maselo oyambirirawo ndi omwe anakhala zaka zonsezo, ndipo anali ndi zifukwa zomveka. Komabe botolo limene Carrel anakonza mu 1923 sindilipeputsa. Analipatsa khosi lopendekera kumbali, kuti ukalitsekula fumbi logwa kuchokera pamwamba lisafike m'madzimo. Mabotolo ambiri apulasitiki amene timagwiritsa ntchito lero akadali ndi khosi lotero.

Penisilini ndi streptomycin atafika m'zaka za m'ma 1940, ntchito inapepuka. Mu 1949, John Enders, Thomas Weller ndi Frederick Robbins anakwanitsa kuswanitsa kachirombo ka poliyo m'maselo olereredwa m'botolo, zimene zinatsegula njira ya katemera. Koma manja a anthu anayamba kulekerera. Mu 1956 kunapezeka kuti maselo ena anali atalowedwa ndi mycoplasma, tizilombo topanda chikhungwa cholimba chimene penisilini amaononga. Timadutsa m'sefa zotchinga mabakiteriya ena, ndipo madzi sasintha maonekedwe. Maselo amangofooka mwakachetechete, zotsatira za kafukufuku n'kumanama. Mtundu wina umene umapezekapezeka, Mycoplasma orale, kwawo n'kukamwa kwa munthu. Funso la amayi aja linali pamenepa.

Lero timagwirira ntchito m'kabati yopemerera mpweya wosefedwa, nzeru imene inakula kuchokera ku chipinda chaukhondo chomwe Willis Whitfield anakonza ku labotale ya Sandia, m'chigawo cha New Mexico, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Kabatiyo siingaletse dzanja kudutsa pamwamba pa botolo lotsekula.

Inu amene mukuyamba kumene ntchitoyi, pukutani magolovesi ndi spiriti wa 70 peresenti, yezetsani maselo anu ngati ali ndi mycoplasma, ndipo mukayamba kuzolowera, yesani kuwalera popanda penisilini kuti muone mmene manja anu alili.