Kufatsa ndi kulera mwa ana aakazi a nkhunzi

Pa ulimi wa ng'ombe zanyama, ubwino wa nkhunzi umadziwika ndi ana ake, makamaka aakazi amene amatsala m'khola kuti adzaswe. Thole lililonse limatengera theka la chibadwa chake kwa nkhunzi, ndipo poti nkhunzi imodzi imatha kukwera ng'ombe 25 kapena 30 pa nyengo imodzi, khalidwe lake limafalikira m'khola monse msanga kuposa la ng'ombe yaikazi ina iliyonse. Mwa misoti yobadwayo, alimi amayang'ana kwambiri zinthu ziwiri: kufatsa ndi kulera.

Kufatsa ndi mmene ng'ombe imachitira munthu akaiyandikira, akaitsekera poigwirira kapena akaikweza pa sikelo. Ku America, bungwe la Beef Improvement Federation limagwiritsa ntchito muyeso woyambira pa 1 kulekeza pa 6. Ng'ombe ya 1 imaima phee n'kutuluka pang'onopang'ono ikamasulidwa, pamene ya 6 imathamangitsa ndi kugunda anthu. Ku Australia amayesanso liwiro limene ng'ombe imatulukira akaimasula. Khalidweli limatengerana ndithu kuchokera kwa makolo, choncho kusankha nkhunzi yofatsa kumasintha khola pa mibadwo yochepa. Kafukufuku wa ku Colorado State University wa 1997, amene wofufuza Temple Grandin anachita nawo, anapeza kuti ng'ombe zodekha zimanenepa msanga m'makola onenepetsera kuposa zamantha. Ofufuza ena anapezanso kuti ng'ombe zojijirika za mtundu wa Brahman ndi Nelore sizitenga bere mosavuta ngati zinzake zofatsa.

Kulera n'kovuta kuyesa chifukwa muli zambiri: kuswa popanda kuthandizidwa, kulandira thole, kukhala ndi mkaka wokwanira, mawere oti thole longobadwa kumene lithe kuyamwa, ndi kuliteteza. Nkhunzi siyamwitsa, koma imapatsira ana ake aakazi zonsezi. Mkaka wa ng'ombe zanyama sauyesa m'chigubu. Amauonera pa kulemera kwa thole posiya kuyamwa, pa masiku 205 ku America ndi masiku 200 mu ndondomeko ya BREEDPLAN ya ku Australia. Vuto lalikulu ndi nthawi. Bere limatenga masiku pafupifupi 283, msoti wa mtundu wa Angus umaswa uli ndi zaka 2, wa ng'ombe za linunda zaka 3 kapena kuposerapo, kenako thole liyamwe miyezi 7. Pamene mlimi azidzadziwa kuti ana a nkhunzi yake salera bwino, khola limakhala litadzaza kale ndi magazi ake.

Alimi ambiri amasokonezeka pa masiku oyamba ng'ombe ikangoswa. Pali chikhulupiriro chakuti ng'ombe yolusa ndiye mayi wabwino, ndipo yofatsa imataya mwana. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo avulazitsa abusa ambiri. Mayi wabwino amaoneka chonchi: akangoswa amatembenuka, n'kuyamba kunyambita thole mpaka liume, akulira motsitsa, kenako amaima njii kuti liyamwe mkaka woyamba wachikasu uja, umene thole liyenera kumwa m'maola 6 oyamba kuti likhale ndi chitetezo ku matenda. Munthu akayandikira, amamuyang'anitsitsa n'kuima pafupi ndi mwana wake, koma sagunda. Ng'ombe yolusa imapalasa pansi, kuweramitsa mutu ndi kuzungulirazungulira, mwina mpaka kuponda thole lomwelo. Msoti wamantha nawo umatha kuthawa mwana wake kapena kumumenya mateche akafuna kuyamwa. Ofufuza apeza kuti kufatsa kwa ng'ombe pamaso pa anthu ndi kuteteza mwana n'zogwirizana pang'ono chabe, kutanthauza kuti nkhunzi imodzi itha kubereka ana okhala nazo zonse ziwiri.

Malo nawo ali ndi mbali yake. Kumene ng'ombe zimadya kutchire kofika afisi, mayi wosalabadira amatayitsa thole, ndiye mlimi sangasankhe kufatsa kokha. Ng'ombe za linunda monga Malawi Zebu, Angoni ya kum'mawa kwa Zambia ndi Brahman yofala m'chigwa cha Shire zimadziwika ndi kukakamira ana awo, moti zambiri sizitulutsa mkaka thole likakhala patali. Komanso si ukali wonse umene uli wachibadwa: ng'ombe yokulira zikwapu ndi agalu imalusa ngakhale bambo wake anali wofatsa.

Pogula nkhunzi, musakhutire ndi thupi lake lokha. Pemphani kuti muone mayi wake ndi alongo ake ali ndi mathole, ndipo ana ake oyamba akadzaswa, lembani mmene aliyense wachitira. Ng'ombe yothamangitsa munthu patatha sabata zingapo chiswereni ndi yoyenera kugulitsa, ngakhale ikhale ya mkaka wambiri.