Mikolongwe

Mlimi akati "ndagula tambala wa Mikolongwe", sakunena za malo ayi. Akunena nkhuku yakuda bii, ya nthenga zonyezimira mobiriwira ikaima padzuwa, ya lipombo lofiira. Dzina lake lenileni ndi Black Australorp. Mtunduwu anaupanga ku Australia kuchokera ku nkhuku zakuda za Orpington za ku England, ndipo dzinalo ndi kulumikiza kwa mayina awiriwo.

Nanga Mikolongwe wabwera bwanji? Ndi malo a boma oswetserako ziweto m'boma la Chiradzulu, kumene anapiye a mtunduwu akhala akugulitsidwa kwa alimi a m'midzi. Anthu sanavutike ndi dzina lolemera lilime lija. Anangoitcha nkhukuyo dzina la kumene ikuchokera, mpaka linakhazikika.

Chimene anaisankhira n'chakuti imapereka zonse ziwiri, mazira ndi nyama. Thazi limaikira kwambiri kuposa lachikuda, tambala amalemera msanga, ndipo akakwera nkhuku zakumudzi anapiye ake amakula bwino.

Koma dzinali lisatinamize kuti nkhukuyi ndi yathu yakwathu. Nthenga zakuda zimakoka kutentha, thupi lalikulu limachedwa kuzizira. Ku Chigwa cha Shire, mu Okutobala, mudzaiona itatambasula mapiko, kukamwa yasa, kudya kutasiyidwa, mazira atachepa. Kameta, wathu wopanda nthenga m'khosi uja, amapirira bwino kuposa iyo. Mukaweta Mikolongwe kumalo otentha, ikani khola pamthunzi, madzi asasowe, ndipo katemera wa chitopa musamuiwale.