Funso Limene Lidasowa Wopambana

Loweruka lililonse, dzuwa la ku Nchalo likapepa, timakumana anthu atatu pansi pa mtengo wa nimu n'kumaponyerana mafunso a mbiri yakale ndi mabuku. Lamulo lake n'losavuta: foni m'thumba, wolephera agula thobwa.

Tsikulo ndidayamba ndine. Nsanje atsamunda ankaitcha chiyani? "Port Herald!" Bishopu Mackenzie adamwalira liti? "1862, pomwe Ruo amathira mu Shire." Kenaka adandibwezera: ndani adalemba sewero la Mbona wa ku Khulubvi? Ndidangoti kukamwa yasa. Ndi Steve Chimombo, *The Rainmaker*. Ine woloweza *Macbeth*, kugwa ndi nkhani ya pakhomo pomwe!

Pofuna kubwezera ndidati, "Aise, nanga Amakololo adali ndani?"

Poyamba zidayenda bwino. Onse awiri ankadziwa kuti anthuwa adachokera kumtunda kwa Zambezi, kumadzulo kwa Zambia wa lero, ndipo adafika kuno ngati othandiza David Livingstone pa maulendo ake. Iye atachoka mu 1864, iwo adatsala, mfuti zili m'manja. Chigwachi n'kuti chitasakazidwa ndi chilala cha 1862 ndi 1863 komanso ogwira akapolo. Posakhalitsa Ramakukan, yemwe timamudziwa kuti Kasisi, pamodzi ndi Chipatula, Mlauli, Maseya ndi Katunga adasanduka mafumu pakati pa Amang'anja.

Mkangano udabuka pomwepo. Mnzanga wa kwa Kasisi adati, "Akuluakulu, popanda iwowa chigwa chino chikadatha. Adatseka mtsinje, ogula akapolo osadutsa, ndipo othawa ankabisala m'malinga awo." Winayo, Mmang'anja wonyadira ufumu wa Lundu, adapukusa mutu: "Iwe, mlendo wobwera ndi mfuti n'kukhala pa mpando wa eni dziko, ukuti mpulumutsi?"

Ndidayesa kuzimitsa moto ndi funso losavuta: adapha Chipatula ndani? Wamalonda wachizungu George Fenwick, mu 1884. Anthu a Chipatula adamubwezera, n'kumizanso sitima ya *Lady Nyassa*. Apa tidagwirizana, poti chaka ndi dzina sizikhala ndi mbali. Koma funso loyamba lija lidakhalabe chilili.

Pobwerera kunyumba ndidaona chomwe masewera athuwa amatibisira. Timakonda mafunso a yankho limodzi chifukwa sapweteka munthu. Koma mbiri ya chigwa chino ili m'magazi mwathu: agogo a wina adapulumukira m'linga la Amakololo, agogo a wina adalandidwa ufumu ndi Amakololo omwewo. Onse awiri akunena zoona, ndipo zidzukulu zawo lero zikumwera chikho chimodzi.

Thobwa ndidagula ndine, chifukwa cha Chimombo uja. Koma tawonjezera lamulo: funso likasowa wopambana, aliyense akafunse agogo ake, Loweruka abwere ndi zomwe wamva.