Mbiri ya Kukweza ndi Kutsitsa Mawu m'Mahedifoni

Zida zomvetsera mawu zovala m'makutu, zomwe ambiri amazitcha mahedifoni, zinayamba kudziwika pamene Nathaniel Baldwin wa ku Utah anapanga zake cha m'ma 1910 n'kuzigulitsa kwa asilikali apamadzi a ku America, koma vuto lotsitsa mawu pang'onopang'ono linakhalapobe. Gwero lake ndi khutu lenilenilo, lomwe limazindikira msanga kusintha kochepa mawu akakhala apansi koma silisamala kwenikweni mawu akakwera, ndipo decibel, muyeso womwe akatswiri a Bell Telephone Laboratories anaukhazikitsa m'zaka za m'ma 1920, umatsatira kamvedwe kameneka.

Mawailesi akale anali ndi kopotokola kolola dzanja kuima paliponse, pomwe makompyuta anagawa mawu m'masitepe. Pa Mac masitepewo ndi 16, moti wovala mahedifoni usiku amapeza kuti sitepe imodzi ikuboola khutu pamene yapansi pake sikumveka, ngakhale kudina mabatani a Shift ndi Option pamodzi ndi batani la mawu kumagawa sitepe iliyonse panayi. Windows Vista, yomwe inafika kwa anthu mu 2007, inalola pulogalamu iliyonse kukhala ndi mlingo wakewake wa mawu, kusintha komwe kunabwera mochedwa ndithu.