Mjigo unayesedwa m'manja mwa ndani?

M'midzi ya kwa Kanduku, kwa Nthache ndi kwa Govati m'boma la Mwanza, mjigo ndi chinthu chozolowereka moti palibe amene amaima n'kufunsa chifukwa chake unapangidwa momwe ulilimu. Chogwirira chake chili ndi kamtanda kumapeto koti ana awiri agwire limodzi. Chivundikiro chake chimatseguka ndi sipanala imodzi. Ndodo za m'kati, m'mijigo yambiri, zimangokolekana popanda kumanga ndi nati. Zonsezi sizinabwere mwamwayi. Mjigo umenewu, womwe dzina lake ndi Afridev, unafika pamenepa chifukwa akatswiri anavomera kuupereka m'manja mwa anthu akumudzi, n'kuima pambali kuona pomwe anthuwo akulephera. Masiku ano opanga mapulogalamu a pa kompyuta ndi pa foni amaiona njira imeneyi ngati luso lawo. Koma mbiri ya mjigo ikusonyeza kuti m'Malawi muno inagwira ntchito pa chitsulo kale kompyuta isanafike m'maofesi a m'maboma, ndipo ikusonyezanso kuti pomwe kuyesako kunalekezera ndi pomwe mavuto a lero akuyambira.

Isanafike 1980, zitsime zakuya zambiri zakumudzi zinali ndi mapampu olemera ochokera kunja, monga a Climax. Anali olimba, koma anapangidwa poganizira munthu mmodzi yekha, mekaniki wa boma wokhala ndi galimoto ndi zida zonyamulira. Labala yaing'ono ikaperepeseka pansi pa chitsime, panafunika kuzula mapaipi onse achitsulo, limodzilimodzi, kuti ifikiridwe. Mudzi unkatumiza uthenga kuboma n'kudikira, nthawi zina miyezi. M'dera la mapiri ngati la Mwanza, komwe misewu yopita ku Thambani kapena ku Kunenekude imavuta m'dzinja, kudikirako kunkatanthauza kubwerera kumtsinje. Amayi otunga madzi tsiku ndi tsiku sankawerengedwa ngati anthu amene pampuyo anapangidwira. Ankangoyenera kuizolowera.

Kusintha kunayambira pafupi ndithu, m'chigwa cha Livulezi ku Ntcheu. Bungwe la United Nations litalengeza kuti zaka za 1981 mpaka 1990 zikhale zolimbikitsa madzi abwino ndi ukhondo, UNDP ndi Banki Yaikulu Padziko Lonse anayambitsa ntchito yoyesa mapampu a manja m'maiko ambiri. Ena ankawayesa m'nyumba zoyesera zinthu ku Britain, ena m'midzi. Ku Malawi, kuyambira 1981, akatswiri anayamba kupanga pampu yomwe anaitcha Maldev, ndipo funso lawo linali latsopano. M'malo mofunsa kuti pampuyi ikhalitsa zaka zingati isanawonongeke, anafunsa kuti ikawonongeka, kodi munthu wa m'mudzi momwemo angaikonze tsiku lomwelo. Funso lotere siliyankhidwa pa tebulo la ojambula mapulani. Pamafunika kuika mapampu m'midzi, kuphunzitsa anthu wamba, ndi kuona zimene zikuwakanika. Ntchitoyi itapitirira ku Kwale, m'mphepete mwa nyanja ku Kenya, kuyambira cha mu 1983, komwe amayi ambiri anaphunzitsidwa kukonza mapampu, panatuluka Afridev. Chilichonse chomwe chinkavuta anthu chinasinthidwa. Silinda inapangidwa yotseguka pamwamba kuti kachipangizo kokoka madzi ndi valavu ya pansi zizituluka kudzera m'paipi, mapaipiwo osazulidwa. Mabelingi achitsulo ofuna girizi analowedwa m'malo ndi mabushi apulasitiki olowetsa ndi zala. Zida zokonzera zinachepetsedwa kufika pa sipanala imodzi ndi kangowe kowedzera valavu. Aliyense amene anaonapo komiti ya mjigo itandanda ndodo pa udzu n'kusintha labala dzuwa lisanapendeke waona zotsatira za kuyesa kumeneko.

Nzeru yomweyi inatulukira kwina mwa njira yake. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, Alphonse Chapanis anapeza kuti oyendetsa ndege za B-17 ankachita ngozi potera chifukwa zogwirira ziwiri za ntchito zosiyana zinali zofanana komanso zoyandikana. Atazisiyanitsa maonekedwe, ngozi za mtunduwu zinatha. Kenaka a makompyuta, monga Jakob Nielsen, anaikonza kukhala ndondomeko: mpatseni munthu ntchito yeniyeni, musamuthandize, muoneni, ndipo anthu asanu okha akuonetsani zolakwika zikuluzikulu zambiri. Ku Malawi, Gerry Douglas ndi anzake a Baobab Health atayamba kuika makompyuta pa chipatala chachikulu cha Kamuzu ku Lilongwe mu 2001, anadziwa kuti ogwira ntchito ambiri sanagwirepo kompyuta. Sanadalire kuwatumiza kumaphunziro aatali. Anachotsa kiyibodi ndi mausi, n'kuika sikirini yongodina ndi chala, funso limodzi pa tsamba limodzi, mabatani akuluakulu, ndi kamakina kosindikiza kapepala komata m'buku la kuchipatala la wodwala. Maganizo ake ndi a ku Livulezi omwe aja: munthu akamalephera, choyamba kukayikiridwa chikhale chidacho.

Pali amene anganene kuti zonsezi n'kutalikitsa nkhani, popeza anthu ali ndi pakamwa ndipo kuwafunsa n'kokwanira. Mawu amenewa ndi ooneka aulemu, koma sakugwirizana ndi momwe misonkhano ya chitukuko imayendera kwathu kuno. Mlendo wabwera pa galimoto, amfumu akhala pampando, funso laponyedwa kuti kodi chinthuchi mwachikonda. Ndani angakane mphatso pamaso pa woipereka, podziwanso kuti kukana lero kungachititse kuti mawa galimotoyo ikhotere kumudzi wina? Ndipo nthawi zambiri oyankha amakhala abambo, pomwe ndowa amasenza ndi amayi ndi atsikana. Umboni woopsa wa vutoli ndi PlayPump, pampu yochokera ku South Africa yomwe imakoka madzi ana akamazungulitsa chitsulo chosewerera. Mu 2006 inalonjezedwa ndalama zankhaninkhani ku America, ndipo inaikidwa m'midzi ya ku Mozambique ndi Malawi, pena pochotsa mjigo womwe unkagwira ntchito. Alendo akafika ndi kamera, ana ankathamangira kukazungulira mosangalala, zithunzi n'kutuluka zokongola. Koma katswiri wina wa Engineers Without Borders amene ankagwira ntchito m'Malawi, Owen Scott, anaonetsa kuti alendo akachoka, amayi ndiwo ankakankha chitsulocho ndi manja, komanso kuti ndowa inkachedwa kudzaza poyerekeza ndi pa Afridev. Pofika 2010 bungwe lomwe linkafalitsa mapampuwa linasiya ntchitoyo. Anthu anafunsidwa, anaomba m'manja, ngakhale kuonedwa anaonedwa. Chimene chinasowa ndi kuwaona pa tsiku wamba, m'mamawa, mzere wa ndowa utatalika, popanda woti amusangalatse.

Kutsutsa kwachiwiri n'kolemera, ndipo sikoyenera kukupeputsa. Ngati Afridev inayesedwa bwino chotero, bwanji mijigo yakufa ili mbwee m'midzi, ina chogwirira chili lende, ina itamera udzu? Boma linasankha Afridev kukhala mjigo wa zitsime zakuya m'dziko lonse, ndipo linapereka udindo wousamala kwa makomiti akumudzi. Koma kafukufuku wa Ellie Chowns, yemwe anatuluka mu 2015, anapeza kuti makomiti ambiri sankausamala mjigo usanawonongeke, ndipo ndalama zomwe ankasunga zinali zochepa kwambiri poyerekeza ndi zofunika. Ena amatenga zimenezi ngati umboni woti lingaliro lonse lodalira anthu akumudzi linali maloto. Ine ndikuona kuti umboniwo ukuloza kwina. Chimene chinayesedwa ku Livulezi ndi ku Kwale chinali chitsulo ndi pulasitiki m'manja mwa munthu wophunzitsidwa kumene, zipangizo zili pafupi, akatswiri akubwera kawirikawiri. Zina zonse zozungulira mjigo sizinapatsidwe mayeso otero. Palibe amene anatsatira msungichuma wa komiti kwa chaka chathunthu kuti aone momwe amakanira m'bale wake wodzabwereka ndalama za mjigo pa maliro. Palibe amene anayenda ndi mayi wa ku Tulonkhondo kukafuna labala imodzi pa boma kapena ku Blantyre, n'kuwerengera mtengo wa ulendowo poyerekeza ndi wa labalayo. Ophunzitsidwa amakwatiwa kwina, amasamuka, amamwalira, ndipo luso limapita nawo. Komanso mu pampu momwemo muli mbali yomwe mudzi sungaikonze wokha, monga mapaipi apulasitiki omatidwa akang'ambika pansi, kapena ndodo zikadyeka ndi dzimbiri m'madzi oipa. Amekaniki a m'dera, omwe anakhazikitsidwa pambuyo pake kuti azithandiza makomiti, ndi kuvomereza mochedwa kuti mbali imeneyi inasiyidwa. Ndondomeko ya makomiti inalembedwa m'maofesi n'kugawidwa dziko lonse monga momwe mapampu a Climax ankagawidwira, ndipo inalephera pa chifukwa chofanana.

Otsutsa achitatu amadandaula za ndalama ndi nthawi, kuti dziko losauka silingayese chilichonse m'boma lililonse. N'zoona kuti Afridev inatenga zaka zambiri kuti ikhwime. Koma kuyesa kwenikweni sikufuna anthu zikwi. Kumafuna anthu ochepa oyenera, ntchito yeniyeni, ndi wopanga wololera kubwerera kukasintha. Mtengo wa kusayesa ndi umene umakhala waukulu, kungoti saulipira wopangayo, amaulipira ndi miyendo ya otunga madzi. Chitsanzo chapafupi cha kuyesa kotere chili ku Neno, dera lomwe linali mbali ya boma la Mwanza mpaka 2003. Kumeneko bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo, lomwe lakhala likugwira ntchito ndi Unduna wa Zaumoyo kuyambira 2007, linagwirizana ndi bungwe la Medic kupanga pulogalamu ya pa foni yotchedwa YendaNafe, yoti ogwira ntchito zaumoyo m'midzi azigwiritsa ntchito poyendera mabanja. Pulogalamuyo inapangidwa pamodzi ndi ogwira ntchitowo ndipo inayambira pa malo ochepa isanafalikire. Ofufuza atabwerera kukamva za momwe ikuyendera, madandaulo sanali a mabatani okha. Panali kutchaja foni komwe kulibe magetsi, netiweki yovuta, ndi mafoni owonongeka. Apa foni yafika pomwe mjigo unafika: chida chikhoza kupambana mayeso pa sikirini, koma n'kugwa pa zinthu zoizungulira.

N'chifukwa chake funso loyenera kufunsa aliyense wobweretsa chida chatsopano ku Mwanza, kaya ndi pulogalamu yolembera alimi a manachesi, kaya makina olembera odwala, kaya pampu yoyendera dzuwa yomwe ikulowa m'malo mwa mjigo m'madera ena, si lakuti kodi anthu munawafunsa. Afunsidwe kuti anachiyesa ndi ndani, m'mudzi uti, mwezi uti, woyesayo ataima kutali bwanji, ndipo anasintha chiyani ataona munthu akulephera. Mapampu oyendera dzuwa akufunika funsoli mwachangu, chifukwa m'kati mwake muli zamagetsi zomwe sipanala imodzi singazifikire, ndipo kuzikonza kukubwezera mudzi kwa mekaniki wobwera pa galimoto uja yemwe a ku Livulezi anavutikira kumuchotsa pakati pa mayi ndi madzi ake.