Fungo la mpungabwi limachokera kuti?

FUNSO: Mayi anga akafuna mpungabwi wopirikitsira udzudzu amakathyola kumtunda kouma, wa kudimba amausiya. Amati wa kudimbawo ndi madzi okhaokha. Kodi fungo la zomera zoterezi limachokera kuti, nanga kusowa kwa madzi kumalikhudza bwanji? (Wowerenga, Ntchisi)

YANKHO: Mayi anuwo sakunama. Thyolani tsamba la mpungabwi, mulifikise ndi zala. Chimene chikukulowani m'mphunocho ndi mafuta opepuka amene sachedwa kuuluka ndi mphepo. Amakhala m'timatumba tating'ono kwambiri, tonga ubweya, pakhungu la tsamba, ndipo mukafikisa mumaphulitsa timatumbato. Chanzi nachonso chimatero. Koma bulugamu amabisa ake mkati mwa tsamba: liunikeni padzuwa, muona timadontho towala. Ndipo musaganize kuti chomera chimapangira ife mafutawa. Ndi chida chake chothamangitsira mbozi ndi tizilombo tofuna kuchidya. Ife timangobwereka.

Tsono za ludzu. Tsamba lili ndi timabowo topumira, ndipo madzi amathawiranso pomwepo. Nthaka ikauma, chomera chimatseka timabowoto kuti chisafote. Mpweya umene chimapangira chakudya umalowa wochepa, kukula kumachedwa, masamba amapinimbira. Koma timatumba ta mafuta tija tambiri timapangika tsamba likadali lanthete, choncho tsamba likalephera kutambasuka, timatumbato timangothithikana pamalo pochepa. Taganizani za sipuni imodzi ya mchere. Mu msuzi wa mphika wodzaza simuumva, koma mu msuzi wa m'kambale umaluma lilime.

Pali chifukwa chinanso chimene akatswiri monga Dirk Selmar wa ku Braunschweig, ku Germany, amachitchula. Timabowo tikatsekeka dzuwa silisiya kuwomba, ndiye tsamba limakhala ndi mphamvu yoti silingathe kuipangira chakudya. Ina mwa mphamvu yotsalayo imapita kukapanga mankhwala onunkhirawa.

Mu 1992, James Simon ndi anzake pa yunivesite ya Purdue ku America anafalitsa zimene anapeza atayesa zimenezi pa basil, mbale wake wa mpungabwi amene anthu a ku Italy amathira m'ndiwo. Atamumana madzi, mafuta a mu galamu iliyonse ya masamba ouma anachuluka pafupifupi kawiri. Zomerazo komabe zinakula monyentchera.

Apa ndi pamene mayi anu amasiyana ndi mlimi wogulitsa mafuta. Iwo amafuna kamtolo kokwana m'dzanja, ndiye tsamba lililonse likhale laukali. Mlimi amawerengera malita a munda wonse. Mafuta akachuluka kawiri m'tsamba, koma masambawo n'kutsika kuchoka pa matumba 10 kufika pa 3, ndiye kuti walowa pansi ngakhale munda wake ukununkhira mpaka kumsewu. Chilala chikanyanya, masamba amayoyoka ndi mafuta awo omwe. Ludzu limasinthanso kasakanizidwe ka mankhwala a m'mafutamo, ndipo ogula akunja amayeza zimenezi asanatulutse ndalama.

Zomera nazonso sizipirira mofanana. Lavenda wa ku Provence, kumwera kwa France, amakondwa pa dothi la miyala, ndipo mizu yake imawola ikakhala m'chinyontho nthawi yaitali. Peppermint, amene fungo lake mumalimva mu mankhwala otsukira mano, ali ndi mizu yosazama; alimi a ku Oregon ndi Washington ku America amachita kumuthirira nyengo yonse yotentha.

Kwa amene mwadzala zoterezi pakhomo, ine ndingati thirirani bwino pamene chomera chikukula kuti masamba achuluke, kenako muchepetse madzi patatsala masiku ochepa kuti muthyole. Poumitsa, yanikani pamthunzi pomwe pakupita mphepo. Mukayanika padzuwa ngati mfutso, mafuta aja adzauluka musanafike nawo n'komwe kuchipinda kumene kuli udzudzu.